Tsiku Limene Ndinasenza Chigubu cha Akazi Anga

Ndiyambe ndaulula ndekha uchitsiru wanga, ena asanandiululire. Kwa zaka zambiri, mpaka imvi zitafika m'ndevu, ndinkakhulupirira kuti mwamuna amachira atagona, koma mkazi amachira ali chiimire. Musaseke. Sindinazitole m'buku ayi, poti sukulu ndinaisiya sabata limene aphunzitsi anayamba kusanjika manambala pamwamba pa anzake ndi kamzere pakati. Ndinazitola ndi maso angawa. Amayi anga kwathu ku Katete ankabereka lero, mkucha mukuwaona kudimba. Akazi anga anabereka ana asanu ndi mmodzi muno m'komboni ya George, ndipo sindikumbukira tsiku limene ndinadzuka n'kupeza pabwalo posasesa. Ndiye ndinangoti eee, anthu awa Mulungu anawapatsa thupi lodzisoka lokha.

Opaleshoni ya mtima m'nyumba mwathu ndinayamba ndine. Nthawi imeneyo ndinkayendetsa lole pa kampani ina ya boma, masiku amene makampani otero anali asanawonde. Tsiku lina ndikukwera m'lolemo ndinamva ngati wina wanditsitsira thumba la simenti pachifuwa, dzanja lamanzere lonse dzanzi, thukuta ngati andithira madzi. Madokotala anati mitsempha yodyetsa mtima yatsekeka. M'dziko muno munalibe wogwira ntchito yotero, choncho kampani inandikweza ndege kupita ku Joni, ine amene ndinkaopa ngakhale makwerero a m'nyumba zosanja. Kumeneko anandicheka fupa la pachifuwa pakati mpakati, monga muchitira ndi nkhuku ya pa Khirisimasi. Anachotsa mtsempha kumwendo kwanga n'kuulumikiza kuti magazi azilambalala potsekekapo, kenaka fupa lija analimanga ndi waya. Waya weniweni. Amene adzandifukule adzaupeza.

Potuluka dokotala anandiuza kuti fupa limenelo limagwirana pang'onopang'ono. Ndisanyamule kanthu, ndisakweze manja ndi katundu, ndikafuna kutsokomola ndizikumbatira pilo. Ndipo ndikadzamva kuti m'chifuwa mwalira khe, kapena fupa likusuntha popuma, ndidzathamangire kuchipatala osayamba ndavala nsapato. Ndinamvera zonse. Ndinakhala pampando pakhonde miyezi itatu yathunthu. Madzi osamba ankabwera okha, nsapato zinkadzimanga zokha, ndikafuna kuimirira pankapezeka phewa pafupi. Kuti zonsezo anali akazi anga, ndinkadziwa, koma kudziwa kwake kofanana ndi mmene umadziwira kuti nyumba ili ndi denga.

Nditachira ndinasanduka munthu wa nkhani. Mu George monse panalibe wina amene anakwera ndege kukachekedwa mtima. Kumowa, kumpingo, makamaka m'matenti a maliro mmene amuna amakhala tsiku lonse opanda chochita, ndinkamasula mabatani n'kuonetsa chipsera chotsika kuchokera pakhosi. Ana anandipatsa dzina loti ba zipi, ndipo linakhala. Vuto la nkhani yokambidwa kawirikawiri ndi loti imafuna mchere watsopano. Miyezi itatu ija inayamba kufupika. Chaka choyamba inali iwiri. Pofika chaka chachitatu ndinkauza anthu kuti patangotha masabata atatu ndinapalasa njinga kuchoka mu George mpaka m'tauni, pobwera thumba la ufa lili pakaliyala. Akazi anga akandimva ankangopukusa mutu n'kupitiriza zawo. Ine ndinkati bodza lotero silipweteka munthu.

Kenaka dziko linatembenuka. Kampani inagulitsidwa, ife anatipatsa makalata n'kutigwira chanza. Mtengo wa ufa unkasintha munthu uli pamzere. Mapompi a chigawo chathu anauma limodzilimodzi, mpaka inatsala imodzi kumbali ya ku Matero, ulendo woti wopanda katundu amafikako atatuluka thukuta. Mwana wathu woyamba, yemwe anali nesi, anatsatira anzake kupita ku Joni. Nyumba anaigwira ndi akazi anga, ndi tebulo la tomato ndi kapenta pakhomo, kulawirira kumsika m'tauni tsiku ndi tsiku. Ine ndinkawathandiza ndi malangizo.

Ndi m'zaka zimenezo pamene anayamba kutopa. Ankabwera kuchokera kumsika n'kukhala pansi pakhomo osalowa m'nyumba, dengu lili pambali. Ankati chibwano chikuwawa, pakati pa mapewa pakutentha, mseru ukubwera wopanda chifukwa. Kukiliniki anawapatsa mankhwala a malungo, ulendo wina a m'mimba, poti shuga ndiye anali naye kale. Tsiku lina akusankha tomato anandifunsa osandiyang'ana.

"Kodi inu, umenewu si mtima?"

"Mtima? Mwafunsa mwini wake," ndinatero. "Mtima ndi simenti pachifuwa ndi dzanja lamanzere. Inu mukuti chibwano, msana, mseru. Umenewo ndi mpweya wa m'mimba. Chepetsani nyemba."

Anachepetsa nyemba. Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Mwana wathu uja atabwera patchuthi anaperekeza amake kumsika, n'kuona kuti pobwera aima kanayi atagwira khoma la eni. Sanandifunse maganizo. Patatha masiku atatu anali nawo m'basi. Ku Joni anawapeza ndi mitsempha itatu yotsekeka. Ine inali iwiri, ndipo ndisabise, zimenezi zinandiwawa pang'ono.

Anawacheka monga anandichekera ine, waya womwewo, mwendo womwewo. Patatha mwezi mwana anawabweretsa. Anali atachepa, akuyenda ngati asenza mazira pachifuwa. Tsiku loti abwerere kuntchito, mwanayo anandiitanira kuseri kwa nyumba, n'kugwada monga mwana woleredwa, koma mawu ake sanali ogwada.

"Atate, mundimvetsere. Amayi si inu. Afika mochedwa, mtima utatopa kale. Mitsempha yawo ndi ing'onoing'ono. Ali ndi shuga, ndiye bala ndi fupa zichedwa kugwirana. Komanso thupi la mayi pachifuwa limalemera, limakoka bala." Apa anayang'ana pansi, poti si nkhani yokamba ndi bambo wako. "Kuwodi kwathu ochekedwa ambiri ndi amuna, koma amene amatisowetsa tulo tikawatulutsa ndi azimayi. Bambo akatuluka amapita kwa mkazi wake. Mayi akatuluka amapita ku ntchito zake. Asanyamule kanthu, atate. Ngakhale poto."

"Iwe mwana, ukuphunzitsa ine? Iwe umangoonerera. Ine anandicheka."

Mwanayo ananyamuka n'kukakumbatira amake mosamala ngati akukumbatira galasi. Anawasiyira mankhwala, kapilo, ndi lamba wansalu wotambalala womanga pachifuwa.

Sabata loyamba azimayi a chigawo chathu ankabwera mosinthana, wina ndi chigubu cha madzi, wina kudzasesa. Sabata lachiwiri anayamba kuchepa. Moni wa pampanda unafupika. Ine sindinaone kanthu, koma akazi anga anaona, ndipo anayamba kumadzuka n'kugwira tsache ndi dzanja limodzi. Chinkawadya mumtima ndi choti chiyambire kudwala, m'chigawo mwathu munachitika maliro atatu, iwo osaoneka ngakhale pa amodzi.

Wosakhala m'komboni ndimuuze. Kuno maliro ndi ntchito. Amuna timatulutsa masofa, timadzutsa tenti, basi, timakhala. Azimayi amagona pansi m'nyumba ya maliro, amaphika, amatsuka, amatunga madzi a khamu lonselo. Ali ndi wapampando wawo, amene timamutcha ba tcheya, ndipo alibe kope, zonse amasunga m'mutu. Mkazi amene saoneka pa maliro a anzake salalatiridwa ayi. Amangodikira tsiku la kwake. Amabwera onse, amakhala pansi, manja pamiyendo, osagwira kanthu. Ndinazionapo kamodzi ku Kanyama, ndipo sindifuna kuzionanso.

M'sabata lachisanu ndi chimodzi chichekedwere akazi anga, m'mawa wina wa mwezi wotentha, kunamveka kulira nyumba yachitatu kuchokera pathu. Womwalira anali bambo wosoka nsapato, amene mkazi wake ankapitira limodzi kumsika ndi akazi anga. Akazi angawo ndinawapeza atakhala pabedi, chitenje chili m'manja.

"Mukuti bwanji? Ndipite?"

"Nanga mungalephere? Ndi pakhomo pomwepa."

"Mwana anati..."

"Mwana ali ku Joni. Pitani mukaoneke. Mukakhale pansi, mulire pang'ono. Sabata lachisanu ndi chimodzi lino. Ine nthawi ngati ino..."

Anadzutsa mutu. "Inu nthawi ngati ino chiyani?"

"Ndinali bwinobwino," ndinatero, ndikufunafuna chipewa chimene chinali kumutu kwanga.

Lamba uja anamusiya pabedi. Anati amaonekera m'bulauzi, ndipo anthu adzati abwera kudzaonetsa matenda pa maliro a eni.

Dzuwa litakwera ndinali pasofa m'tenti, ndi mlendo wochokera ku Chawama amene anali asanamvepo nkhani yanga. Ndinali nditafika pa ndege. Ndipamene ndinaona azimayi akutuluka kuseri kwa nyumba pamzere, aliyense chigubu m'manja, kulowera njira ya ku pompi. Kumapeto kwa mzerewo kunali akazi anga, ndi chigubu chachikasu, zija zazikulu zobwera ndi mafuta ophikira.

Maso anga anatsatira chigubucho. Mlendo uja anati, "Ndiye ndege inatani, ba mudala?" Ndinadziuza kuti chigubu chopanda madzi sichilemera. Ndinadziuza kuti akungoperekeza, wina adzawasenzera. Ndinadziuzanso chija ndayamba nacho, kuti mkazi amachira ali chiimire. Ndinapitiriza nkhani, koma ndinasokoneza, ndinafika pochekedwa ndege isanatere.

Patapita nthawi azimayi anayamba kubwera, awiriawiri, makosi ali njo, madzi akudontha m'masaya. Ndinkawayang'ana ndi m'mbali mwa diso, poti mwamuna sayang'anitsitsa akazi a eni pa maliro. Chigubu choyera, chobiriwira, choyeranso. Chachikasu chinadutsa chimodzi, koma pansi pake panali mtsikana wamtali. Mzere unatha. Ndinadikira. Mnzanga wina anayamba nkhani ya mpira. Azimayi omwe aja anatulukanso ulendo wachiwiri, akazi anga asanabwere ulendo woyamba.

Ndinanyamuka n'kunena kuti ndikataye madzi. Nditakhota pa ngodya ndinathamanga, kuthamanga kwa nkhalamba, kumene manja amafulumira kuposa miyendo. Ndinadutsa milu ya salaula, zovala za kaunjika zija, ndinalumpha ngalande, fumbi lili m'kamwa. Njira yonse ndinkayang'ana pansi m'mbali, osati kutsogolo, ndipo ndinadzigwira ndikuchita zimenezo n'kuchita mantha.

Ndinawapeza chapakati pa njira, kuseri kwa chigayo chimene chinatsekedwa, pafupi ndi mayi wina wogulitsa malasha. Anali atakhala pamwala, manja onse awiri atawapingasa pachifuwa, chigubu chodzaza chili pambali. Milomo inali yotuwa ngati phulusa. Ankapuma pang'onopang'ono, mpweya wa pamwamba pokha.

"Mwalira," anatero, ndisanafunse.

"Mwalira chiyani?"

"Muno. Pamene amanditwika, ndinakweza manja kuti ndigwire. Munalira khe. Ndinayenda nacho mpaka pano. Mayi awa ndiwo anditula."

"Anzanu aja sanakuoneni?"

"Ndinawauza kuti atsogole, ndikumanga chitenje."

Ndinagwada pafumbipo. Pa bulauzi, m'munsi mwa bala, panali ponyowa, chikasu chosakanikirana ndi kufiira, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana. Ndinaika zala ziwiri pafupa, pamsewu pomwepo, manyazi atandithawa. Anapuma. Mbali imodzi inakwera, inayo inatsalira, ngati chitseko chotsala ndi hinje imodzi. Mawu a dokotala wa ku Joni anandibwerera onse, ndi nsapato zomwe.

"Tiyeni kuchipatala. Tsopano lino."

"Madzi akafike kaye."

"Madzi ati? Mwapenga?"

"Chigubu si changa, n'cha ba tcheya. Ndachitenga ndekha pamaso pa onse. Chikapanda kufika adzati ndinapita kukaonetsa nkhope, pobwera ndataya panjira." Anaima kuti apume. "Sindinyamuka pano madzi asanafike."

Akazi anga ndawadziwa zaka zambiri. Akalankhula ndi mawu otsika chotero, ngakhale mutabweretsa apolisi. Kuwanyamula mokakamiza sindikanatha, ndipo kulimbana nawo kukanamaliza waya wotsalawo. Galimoto panalibe pamenepo, yokhayo imene ndinkaidziwa inali ku maliro. Njira inali imodzi yokha.

Ndinagwira chigubu pa chogwirira. Ndinayenda mapazi khumi, chipsera changa chinayamba kukoka. Ndinayesa paphewa, chinaterereka. Mayi wa malasha uja anali akuonerera, dzanja lili pakamwa.

"Ba tate, chija ni cha pamutu," anatero. "Simunatapepo manzi imwe?"

Akazi anga anamasula kansalu ka m'chiuno n'kundiponyera. "Pindani nkhata. Osati choncho, mozungulira. Khosi muliumitse. Musayang'ane pansi." Mayi wa malasha ananditwika, akuseka ndi mapewa, kenaka atayang'ana akazi anga analeka kuseka, n'kupita kukakhala nawo pamwala.

Sindinkadziwa kuti madzi amayenda m'chigubu. Ukaponda kumanja iwo amapita kumanzere. Chinalibe chotsekera, anangotseka ndi pulasitiki ndi chitsononkho, ndiye pa phazi lililonse ankanditsikira m'khosi, kulowa m'jekete langa la maliro. Khosi linkalira. Ndipo kumbuyo kwanga ndinasiya munthu amene fupa lake likusuntha, ine ndikuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi kuti ndisataye madzi a eni. Ndinkafuna kucheuka, koma wosenza sacheuka.

George sanandisiye. Amuna a pa salaula anaimirira.

"Ba zipi! Bakudyesani chani ba mai?"

"Chitenge chili kuti, ba mudala? Mwaibala kunyumba?"

Wina anaimba mluzu. Tsiku lina lililonse ndikanawayankha mpaka akanathawa okha, pakamwa ndili napo. Tsiku limenelo ndinangoluma mano.

Nditafika pa tenti nkhani zonse zinaima. Mlendo wa ku Chawama anatsegula pakamwa. Wina anayamba kuseka n'kusandutsa chifuwa, poti pa maliro. Ndinadutsa pakati pawo, ndinazungulira nyumba, n'kulowa kuseri kumene mwamuna saponda. Azimayi anali mbwee, ena pa mbale, ena pa nkhuni. Ba tcheya anali ataima pa mgolo wothiramo madzi, mayi wamkulu thupi, wobadwira m'tauni, wosaopa munthu.

"Ba mudala, mwasoba njila? Kuno ni kwa azimai."

"Nditulani."

Anandiyang'ana, n'kukodola atsikana awiri. Ananditula. Mutu unapepuka mpaka ndinadzandira.

"Awa ndi madzi a akazi anga," ndinatero. "Chigubu chanu ndi chimenecho. Mwachiona?"

"Nachiona. Nanga beve bali kuti?"

Pamenepo mantha onse anasanduka ukali. Ndinakuwa, pa maliro a eni, nkhalamba yonyowa jekete. "Ali panjira, fupa lamasuka! Munthu wochekedwa dzana, womangidwa ndi waya, inu mukumutuma kumadzi? Mulibe maso? Mukufuna tenti iyi ikachoka pano isamukire kwathu?"

Ba tcheya anapukuta manja pa chitenje, osafulumira.

"Sitinabatume ise. Banatenga beka. Koma nikufunseni, ba mudala. Si imwe munatiuza? Malilo yonse ya muno, pa tenti, mabatani osegula, mau yokweza kuti na ise kuno kumbuyo timvele. Masabata yatatu, njinga, mpaka mutauni, na saka ya unga pambuyo. George yonse iziba. Manje ise tinabelenga, tinaona masabata yapita sikisi, ba mai bakali gone. Tinakamba kuti opaleshoni ni imozi, mwamuna anachila mu yatatu, aba bafuna chabe kusebenzeledwa nchito zonse, vya ku Joni vyabangena. Ndiye tinaleka kubwela. Nanama?"

Sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanakweza. M'nyumba namfedwa anayambanso kulira. Maso a azimayi onse anali pa ine. Ndinafunafuna nthabwala yoti indipulumutse, monga ndachitira moyo wanga wonse, koma m'thumba munalibe.

"Inali miyezi itatu," ndinatero.

"Ati bwanji? Kwezani, monga mukweza pa tenti."

"Miyezi itatu! Pampando. Nsapato ankandimanga ndi iwowo. Kusamba ankandisambitsa. Njinga ndinakwera chaka chitatha, ndipo ndinagwa nayo pa ngalande ya kumsika. Thumba la ufa sindinanyamulepo."

Mayi wina wachikulire amene anali pa mbale anaomba m'manja kamodzi, n'kugwira chibwano. Ba tcheya anatembenuka n'kuyamba kutuma anthu. Wina athamange akaitane dalaivala wa vaneti imene inabwerekedwa kuti itute nkhuni, atsitse nkhunizo pomwe zili. Wina akatenge bulangete m'nyumba. Awiri apite kwathu akatenge lamba ndi mapepala a chipatala. Podutsa pafupi nane anangoti, "Pakamwa panu, ba mudala," n'kupitirira.

Akazi anga tinawapeza pamwala pomwe paja, mutu atautsamiritsa paphewa la mayi wa malasha. Mtima wanga unaima mpaka pamene anatsegula maso. Sanayang'ane ine, anayang'ana ba tcheya.

"Madzi afika?"

"Yafika, mai. Yafika yonse. Nyamukani bwino bwino."

Anawakhazika kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi ba tcheya, atakumbatira bulangete lopinda. Ine ndinakwera kumbuyo, pa makungwa a nkhuni, nkhope ili pagalasi. Misewu ya masiku amenewo inali maenje olumikizidwa ndi phula pang'ono. Tayala likagwera, ndinkaona mapewa awo akukwera, maso akutsinzina, ndipo ndinkamenya denga kuti dalaivala achepetse. Akachepetsa ndinkamenyanso kuti afulumire. Pamapeto pake anatulutsa mutu pawindo n'kundifunsa ngati ndikufuna kuyenda pansi.

Kuchipatala tinadikira pabenchi mpaka dzuwa linapendeka. Ba tcheya ndiye ankalankhula ndi anesi, ine ndinkangogwira mapepala. Dokotala amene anationa anali wachinyamata, wa maso ofiira ndi kutopa. Anachotsa thonje, anayang'ana bala, anaika zala mbali zonse ziwiri za fupa n'kuwauza kuti atsokomole. Anatsokomola. Ine ndinamva kulirako ndili chiimire pakhomo.

"Ananyamula chiyani?" anafunsa.

"Chigubu cha madzi," ndinatero.

"Inu munali kuti?"

"Ndinali... pamaliro."

Anayang'ana chipsera chimene chinkaonekera pakhosi panga, jekete litatseguka. "Inunso munachitidwapo. Ndiye mumadziwa." Sanadikire yankho. Anati waya wam'munsi wadula fupa kapena wamasuka, ndipo bala latseguka pang'ono. Awagoneka, awamanga pachifuwa, awapatsa mankhwala oletsa mafinya. Choopsa ndi shuga. Mafinya akangofika pafupa, pafunika kutsegulanso, ndipo amene amachita zimenezo bwinobwino ali kutali. Masiku atatu akubwerawa ndiwo atiuze.

Ndinene pano, kuti ndisakuzunzeni monga ndinazunzikira ine. Mafinya sanafike pafupa. Anagona m'chipatalamo masabata atatu, kunyumba miyezi ina inayi, ndipo mpaka lero sanyamula cholemera kuposa ketulo, kukazizira fupalo limawakumbutsa. Ine wa mitsempha iwiri ndikuyenda ngati sanandikhudze. Koma zonsezo madzulo amenewo tinali tisanazidziwe.

Ba tcheya anabwerera ndi vaneti, poti maliro anali kuwadikira. Ine ndinatsala m'wodi ya azimayi, pa kampando kopanda chotsamira, mdima ukuyamba pawindo. Akazi anga anali atawatsamiritsa pa mapilo awiri, chifuwa chomangidwa ndi nsalu yoyera, botolo likudontha m'dzanja. Nesi anadutsa n'kunena kuti alendo atsala ndi mphindi zochepa.

Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Ndinayamba ndi kunena kuti mawa ndilawirira, ndibwera ndi phala, ndikhala pano tsiku lonse, ndipo ndilembera mwana kalata ndimuuze zonse ndekha, osabisa. Ndinati maliro aja aiwaleni, za anthu a mu George zisakudetseni nkhawa, anene zimene anene. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinathedwa. Kenaka anatembenuza mutu pang'ono, poti thupi silinkatembenuka, n'kulankhula motsitsa, akupuma pakati pa mawu.

"Mawa musabwere kuno m'mawa. Maliro aika mkucha, ndipo mbali yanga ya madzi ndi maulendo anayi patsiku. Inu mwapita umodzi. Mukapite ndi azimayiwo, mukaime pamzere, osalowerera, osakamba nkhani. Zikavuta muno, amene adzandisambitse ndi kundiveka ndi iwowo. Inu sadzakulolani n'kulowa komwe."